Mpunga wa Apongozi Ako

Tiwonge mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano pamene iwe wapita ku Mlare kukatsanzika anzako, ndipo zikwama zako zandizungulira ngati wochoka ndine. Mawa basi ikamadzanyamuka nanu, iwe ndi Rashidi, ulendo wa ku Mangochi, ndikudziwa kuti sindidzalankhula zomveka. Ndidzangokhalira kukukonza duku lomwe lili bwinobwino kale. Ndiye ndati ndilembe. Ndalemba m'Chichewa, osati m'Chitumbuka chathu, kuti mwamuna wako naye awerenge ukafuna. Pamene lilime langa lapindika museke pang'ono, kenako mupitirize.

Za banja anakulangiza kale azakhali ako ndi amayi a kumpingo mpaka unayamba kuwodzera, ndipo sindibwereza. Yanga nkhani ndi imodzi, ndipo m'banja muno ndine ndekha ndingakuuze: mmene munthu wa matenda a shuga amadyera pakati pa anthu. Pakhomo pako mposavuta, mphika ndi wako, chipande n'chako. Koma paukwati, pamaliro, pachinkhoswe, paphwando la Idi kwa apongozi ako, mbale amakuikira ndi munthu wina, ndipo akakupatsa sachoka, amaima pomwepo kuti aone.

Chaka chatha a dokotala atakuuza kuti shuga wako wakwera ngati wanga, unalira m'minibasi njira yonse. Ine ndinakuleka ulire. Koma taona, ine ndakhala nawo matendawa kuyambira iwe uli ku pulayimale, ndipo ndikadali pano, ndikulima, maso akuona, miyendo yonse iwiri ilipo. Chimene chimandizunguza mutu mpaka lero n'chakuti mpunga ndimalima ndine. Mpunga wonunkhira wa pa Hara pano, umene anthu amachoka kutali kudzaugula, ndi womwewo thupi langa limakangana nawo. Nthawi zina ndikamapalira ndimamufunsa Mulungu, osati modandaula, koma kuti ndingomva mmene anaganizira. Sanandiyankhebe. M'malo mwake anandipatsa maphunziro a m'maphwando, ndipo ndi amenewa ndikufuna upite nawo.

Koyamba ndinaphunzira ku Sangilo, pamaliro a amalume a bambo ako, aja anali asodzi. Ndinali nditangouzidwa kumene za matendawa, ndipo ndinkaopa chakudya ngati njoka. Titabwera kumanda, mlongo wa malemu, NyaMhango, anandibweretsera yekha kondowole, nsima ya chinangwa ija, ndi usipa, n'kugwada, n'kunena kuti, "Ryani, mama." Ine ndinangoona kondowole uja, n'kukankha mbale ndi nsonga za zala. "Yayi, yewo, nakhuta." Ananyamula mbale yake n'kubwerera kukhitchini. Ine ndinadziona ngati wanzeru, womvera malangizo a kuchipatala.

Sabata isanathe bambo ako anaitanidwa ku Sangilo. Anabwera madzulo nkhope ili gwa, n'kukhala pampando osavula nsapato. "NyaGondwe, unachita chiyani pamaliro paja? Akuti unakana chakudya chifukwa ukuwayesa afiti. Ena akuti ukudziwapo kanthu pa imfa ya amalume." Ndinaseka poyamba, ndinkayesa nthabwala. Sinali nthabwala. Panapita nthawi yaitali NyaMhango osandipatsa moni, tikakumana pamsika ankayang'ana tomato. Nditapita kukamufotokozera, anandifunsa funso limene sindiliiwala: "Nanga pakamwa panali potseka? Ukanangonena, ndikanakupatsa usipa wokhawokha, unalipo wambiri." Ukumva, Tiwonge? Mbale usamaikankhe. Uilandire ndi manja awiri, uthokoze, udye ndiwo, ndipo unene chifukwa chake momveka, mwini chakudya akumva. Pamene iwe wakhala chete, anthu amaikapo nkhani yawo, ndipo nkhani yawo imakhala yoipa kuposa matenda ako.

Zitachitika zimenezo ndinagwera mbali inayo. Ndinati basi, sindidzakananso kanthu kwa munthu. Ndiye kunabwera ukwati wa mwana wa aphunzitsi ena ku Mlare, ukwati waukulu, ng'ombe inagwa. Anandipatsa mpunga, ndinadya. Wina anadutsa ndi mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija umazikonda, ndinalandira. Keke, ndinalandira. Fanta, thobwa, zonse ndinkangoti yewo. Aliyense wodutsa ankati, "Kamodzi kokha sikupha, mayi, lero n'chisangalalo." Mwezi umenewo zisangalalo zinachulukana, ndipo kulikonse kunali kamodzi kokha. Posakhalitsa ludzu linayamba losatha, ulusi sindinkatha kulowetsa pasingano, ndipo kabala kamene ndinadzicheka paphazi ndi chikwakwa kumunda kanakana kupola. Kumunda ndinasiya kupita, mpunga wathu anakolola ndi aganyu. Namwino amene ankanditsuka balalo, mtsikana wamng'ono ngati iwe, anandifunsa mwaulemu ndithu: "Mayi, aja anakukakamizani keke aja, abwera liti kudzakuthandizani kutsuka?"

Bala litapola ndinachita chinthu chimene bambo ako anati n'chamisala. Ndinapita kwa mayi wa mkwati uja n'kumufunsa kuti, "Kodi mukukumbukira zimene ndinadya paukwati wa mwana wanu?" Anandiyang'ana, n'kuganiza, kenako anati, "Pepani, kodi munakhala mbali iti?" Ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha m'njira. Ndinatsala pang'ono kutaya phazi pofuna kusangalatsa munthu amene sanandione n'komwe. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuonetsetsa anthu pamaphwando, mmene ndimaonetsetsera madzi m'ngalande kuti akulowera kuti. Ndipo ndinapeza kuti maso a mwini phwando amakhala pa manja ako nthawi yolandira, ndi pankhope pako nthawi yothokoza. Zotsala m'mbale amaziona ndi ana otsuka, ndipo iwo amakondwa. Komanso wonena kuti kamodzi kokha sadziwa kuti dzulo unali kwina kumene ananenanso chimodzimodzi. Wowerenga maulendowo ndiwe wekha.

Kenako ndinapeza nzeru imene ndinkayesa yakuya kwambiri. Tikakhala paphwando, ndinkalandira mbale yodzaza, n'kudya nyama ndi masamba, kenako anthu akayang'ana kwa akwati ndinkakankhira mpunga wonse m'mbale ya bambo ako. Iwo sankadandaula. Zinayenda bwino ndithu, aliyense wokondwa, mbale yanga yoyera, shuga wanga wabwino. Koma tsiku lina tikukonzekera kutchalitchi ndinawapeza akulimbana ndi batani la jekete. Anapuma, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "NyaGondwe, matenda ndi ako, koma mimba ikukula ndi yanga." Kuchipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi. Ndiye Rashidi, ngati ukuwerenga, usavomere ntchito imeneyi ngakhale mkazi wako akumwetulire bwanji. Ndipo iwe Tiwonge, njira yabwino ndi iyi: ufike msanga, uvale chitenje, ulowe kumene akuphika. Mkazi amene wagwira chipande palibe amamuyang'anira mbale. Umadziikira wekha kampunga kochepa pambali, n'kudzaza kwina konse ndi nsomba, nyama ndi masamba, ndipo anthu amangokutama kuti mtengwa uyu ndi wolimbikira ntchito. Kumene sungathe kulowa kukhitchini, ulankhule chipande chisanatsike: "Mpunga pang'ono pokha, mayi, koma masambawo musaumire." Wophika aliyense amakondwa kumva kuti masamba ake akufunidwa, chifukwa ambiri amawasiya.

Cholakwa china chinali choopsa kuposa zonsezi, ndipo apa uwerenge mofatsa. Kunali msonkhano wa makwaya ku Chilumba. Ndinadziuza kuti poti kumeneko kuli chakudya, ndisadye kanthu m'mawa, kuti ndikadyako kampunga kasakandipweteke. Ndinamwa piritsi langa pamimba yopanda kanthu n'kunyamuka. Koma ukudziwa mmene timachitira: wapampando alankhule, mlendo wolemekezeka alankhule, amene anayenera kungopemphera nayenso alalike. Dzuwa linapendeka mapoto asanavundukulidwe. Tili pamzere woti tikayimbe, ndinamva manja akunjenjemera, thukuta lozizira kumsana, mawu a anzanga akumveka ngati ali kutsidya. Ndinadzidzimuka ndili pansi pa mtengo wa mango, mayi wina wosamudziwa akundimwetsa tiyi wotsekemera ndi supuni, ena akupemphera mokweza poyesa kuti ndi mizimu. Mayiyo anali ndi mwamuna wodwala shuga, n'chifukwa chake anazindikira. Pakanapanda iye sindikudziwa. Tsono tamvera: shuga amapha pokwera, amaphanso potsika, ndipo potsika amafulumira. Usamapite kuphwando ndi njala. Udye mazira, kapena peyala, kapena nsomba yotsala dzulo, usanatuluke pakhomo. M'chikwama muzikhala mtedza wokazinga wa nthawi ya malankhulidwe, ndi maswiti angapo pakona, osungira tsiku loipa. Ndipo pagulu lililonse pazikhala munthu mmodzi wodziwa chochita ukayamba kunjenjemera. Njala imakulandanso nzeru: munthu wofika paphwando m'mimba muli pululu sasankha, amangodya chimene chayandikira.

Zinthu zinasintha kwenikweni mchimwene wako Wongani atandibweretsera kamakina koyezera shuga, kobaya chala kaja. Anthu ambiri amakaopa, ine ndinakakonda ngati mwana wapatsidwa galasi loyang'anira. Ndinayamba kufunsa thupi langa mafunso. Kodi kondowole ndi mpunga, woipa kwambiri ndani? Kwa ine kondowole. Nanga ndikayamba masamba ndi nsomba, mpunga n'kubwera pambuyo? Kamakina kanaonetsa kuti zikusiyana ndithu. Nanga chambiko chopanda shuga? Sichinandivute. Chimene chinandikhumudwitsa ndi thobwa. Ine ndinkakana Fanta monyadira n'kumamwa thobwa makapu awiri, ndikuti ichi n'chakumwa cha makolo, sichingandichite kanthu. Kamakina sikanagwirizane nane ngakhale pang'ono. Ndinayesanso tsiku lina poganiza kuti kalakwitsa, kanabwereza zomwezo. Ndinakwiya nako tsiku lonse ngati ndi munthu.

Koma kanandipatsanso mphatso. Paukwati wina ndinadya kampunga kopitirira muyezo wanga, ndiye nyimbo zitayamba ndinalowa m'bwalo, n'kuvina mpaka duku kugwa. Nditafika kunyumba n'kudziyeza, ndinapeza zinthu zili bwino kuposa tsiku limene ndinadya chimodzimodzi n'kungokhala pampando. Ndiye ukamamva anthu a kuno akunena kuti NyaGondwe ukalamba wamuyambitsa chinyamata, sachoka m'bwalo, udziwe kuti ndi mankhwala. Ukadya, usakhale. Uvine, kapena unyamule ndowa ukatunge madzi, kapena uperekeze mlendo mpaka kumsewu. Ndipo m'manja muzikhala botolo la madzi lotsegula kale, chifukwa dzanja lopanda kanthu ndi limene amaliikira Fanta.

Thupi lako si langa, tsono zanga usazitenge ngati malamulo. Kamakina kako ndakaika m'chikwama chobiriwira, pakati pa zitenje. Ukafunse mafunso ako, ndipo mayankho ukandiuze pafoni, chifukwa ine ndili ndi chidwi chenicheni ndi zakudya za kumeneko. Pilau uja anaphika abale a Rashidi paukwati wanu ndinangolawa supuni ziwiri, koma fungo lake likundibwererabe. Amaikamo chiyani? Akuti m'mwezi umene Asilamu amasala kudya, madzulo amamasula ndi futali wa mbatata kapena chinangwa wothira nsinjiro. Kodi nsinjirozo zimachepetsa ukali wa mbatata, kapena ayi? Tiyi wawo akuti amathira shuga mumphika momwemo. Nanga munthu ngati iwe amapempha bwanji kuti amupungulire kapu yake shuga asanalowe? Ndikuganiza kuti ukadzuka msanga n'kukhala wofulula tiyi ndiwe, funsolo latha, koma ukaone wekha. Za kusala kudya m'mwezi umenewo sindikuuza kanthu, chifukwa sindikudziwa. Mukakhale pansi ndi mwamuna wako, mukafunse kuchipatala mwezi usanafike, osati utagwa kale. Chimene ndikudziwa n'chakuti kumeneko nsomba n'zambiri, ndipo munthu wodwala matenda athu amene wakwatiwa kwa anthu odziwa kuphika nsomba alibe chifukwa cholirira.

Tsopano ndifike pa nkhani imene tinasiyana maganizo. Ukwati usanachitike unandigwira dzanja kuchipinda n'kundilumbiritsa kuti ndisauze apongozi ako aakazi, Abiti Jafali, za matenda ako. Unati Rashidi akudziwa ndipo n'zokwanira. Unati akamva adzati mwana wawo watenga mkazi wodwaladwala, wosankha zakudya, mwina wosadzabereka. Ine ndinakuuza kuti kubisa n'kovuta kuposa kunena, iwe unalira, ndipo ndinalonjeza. Lonjezolo ndasunga. Koma pali chimene chinachitika, ndipo sindingalole ukwere basi osachidziwa.

M'mawa wotsatira ukwati, inu mukadali kojambulitsa zithunzi ndi anzanu, ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikukwecha mapoto aakulu aja tinabwereka kumpingo. Abiti Jafali anabwera, n'kukwinya manja a diresi, n'kukhala pambali panga. Ndinawaletsa kuti ndinu alendo, iwo anangotenga mchenga n'kuyamba kukwecha. Kenako, pondiitana mmene makolo a akwati amaitanirana, anati, "Asebele, dzulo ndimakuonani. Pilau wanga munangomulawa."

Ndinawauza zoona, kuti ndili ndi shuga, ndipo kuti pilau wawo akanakhala munthu ndikanamupempha asamuke adzakhale kwathu. Anaseka. Kenako kuseka kunatha, anayang'ana m'poto.

"Mwana wanunso anasiya mpunga. Anayamba masamba, kenako nyama, mpunga anangousuntha uku ndi uku. Fanta anagwira m'manja mpaka kutentha, osamwa. Amadya ngati inu."

Ndinakumbukira lonjezo langa, ndinakumbukiranso kuti mayiyu ndi amene udzakhale naye khomo limodzi. Ndinati, "Zimenezo mukamufunse mwini wake, ndi wamkulu tsopano."

Anagwedeza mutu, osakwiya. Anapitiriza kukwecha, kenako anayamba kundiuza za mchimwene wawo wamkulu, amene anawalera makolo awo atamwalira. Ankachita malonda a nsalu, ndipo Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankadzera kwa iwo kudzadya. Iwo ankamuphikira zonse zimene ankakonda, mpunga wa nazi, ndiye kuti wa kokonati, mandazi, tiyi wa mkaka wotsekemera kwambiri, ndipo akafuna kusiya ankamuwonjezera, iye n'kumadya kuti asakhumudwitse mlongo wake. Mchimweneyo anali ndi shuga kwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa, koma sanauze munthu kupatula mkazi wake, poopa kuti anthu adzamuona ngati watha. Abiti Jafali anadzamva tsiku limene anamudula mwendo. Iye sanakhalitse pambuyo pake.

"Ndinkamuikira ndi manja angawa," anatero, akundionetsa manja odzaza mchenga ndi mwaye. "Ndikumwetulira. Akanangondiuza, nsomba zinalipo, therere linalipo, ndikanaphunzira. Sindifuna kudzadyetsanso munthu wa m'nyumba mwanga chinthu chomupweteka ine ndikusangalala."

Tinamaliza poto uja, tinatsukuluza, ndipo poimirira anandiuza kuti mukafika kudzakhala phwando lokulandira, abale onse adzabwera, mpunga udzaphikidwa wambiri chifukwa mwambo ndi mwambo. Koma anati alendo asanafike adzakuitanira kukhitchini, muli awiriwiri, ndipo adzakufunsa kuti, "Mwana wanga, ndikuphikire chiyani?"

Ndiye funsolo likubwera, Tiwonge. Ine sindinaulule, ndipo iwo sadzakukakamiza. Ukhoza kuyang'ana pansi n'kunena kuti chilichonse, amayi, ndipo iwo adzakuikira chilichonsecho, akudziwa, iwe ukudziwa, n'kukhala choncho zaka ndi zaka. Ine ndikukupempha kuti ukawayang'ane kumaso. Ukawauze dzina la matendawo, ukawauze zimene umadya ndi zimene umachepetsa, ukawaonetse kamakina kako, ndi chochita ukadzayamba kunjenjemera. Za kubereka mukafunse limodzi kuchipatala nthawi yake ikadzakwana, iwo ali pambali pako, m'malo moti uzidzanyamula mantha amenewo wekha. Mayi uja wakhala akudikira kwa nthawi yaitali munthu woti amuphikire moyenera. Ukamulole.

Ndikumva njinga yamoto yaima kumsewu, ndipo kuseka kumeneko n'kwako. Ndisiyire pano ndisanagwidwe ndi misozi pamaso pako. Mazira a pa ulendo ndawiritsa kale, udye musanafike pa Chiweta, usadikire njala.

Uyende bwino, mwana wane. Mulungu amene wandisunga ine pakati pa mapoto a anthu akusunge nawenso.

Ndine mayi ako,
NyaGondwe